Amma Akukana Mpunga Wanga

Lolemba, 10 Julayi

Amma, mayi anga, sakudyabe.

Tinapita nawo kwa adokotala a Tran m'mawa uno. Anawakweza pa sikelo, anayang'ana nambala, kenako anayang'ana ine ngati ndine ndimawalanda mbale. Ati Lolemba likubwerali akapezeka kuti atsikanso, awagoneka m'chipatala, awalowetsa kapaipi kodyetsera m'mphuno, ndipo akatuluka kumeneko "tiyambe kukambirana" za nyumba ya okalamba. Tikambirane chiyani? Akuuza ine? Ine amene zaka zanga zonse za mu Melbourne muno zathera m'khitchini ya nyumba yoteroyo, kupota maungu ndi mbatata mpaka zisanduke phala la khanda, n'kumaona makolo a eniake akuyang'ana khoma supuni ili m'manja? Mayi anga ayi. Ndili moyo ine, ayi.

Chiwatengereni kwa achimwene kwathu ku Matara mwezi wathawu, palibe chimene sindinayese. Mphodza ndaphika, nsomba zouma ndakazinga, kokonati wa tsabola ndasinja ndi manja angawa. Amangoyang'ana, n'kukankha mbale ndi chala chimodzi. Zakumwa za m'mabotolo zimene analemba adokotala amathira mu mphika wa kamtengo ka pakhonde. Kamtengoko ndiye kanenepa, masamba phuliphuli. Eniake akukhalira tiyi ndi theka la bisiketi. Mutunso ukumapita n'kubwera. Atangofika kumene anayatsa gasi n'kusiya kansalu pambali pa moto, ndiye amuna anga a Wije anakhoma kageti ka ana pakhomo la khitchini, ine n'kuikapo loko. Za moto sindichita nazo chibwana.

Pobwerera m'galimoto ndinalephera kudzigwira. "Amma, mukufuna mufere m'manja mwanga kuti achimwene azidzati chiyani?"

Iwo maso ali pawindo: "Ambuye Buda sanalandire. Ine ndine ndani kuti ndiyambe kudya?"

Ndinatsala pang'ono kugunda basi. Zoonadi! Kwathu mpunga woyamba kutuluka mumphika umapita kwa Ambuye Buda, wina aliyense asanalawe, dzuwa lisanafike pamutu. Amma achita zimenezo chibadwire changa, mvula igwe isagwe. Ife muno? Kukachisi timapita pa chikondwerero cha Vesak ndi pamaliro basi, ndipo a Wije amapitira chakudya.

Ndiye kuyambira mawa nyumba ino ipembedza, ifune isafune. Ndawauza a W. Ayankha ali gone pa sofa, maso pa kiriketi: "Ambuye Buda anamwalira kalekale, sadya mpunga." Ndati inu muli moyo koma chipumireni pantchito simugwira kanthu, nanga inu mpunga timakupatsirani chiyani?

Lachiwiri, 11 Julayi

Tsiku la chifanizo.

Ndinkakumbuka kuti tili nacho chamkuwa chimene Amma anandipatsa tikubwera kuno. Chili kuti? A W. ati "pamalo abwino." Pamalo abwino pakepo ndi m'galaja, m'katoni ya magetsi a Khirisimasi, pansi pa zitini za penti. Mayo ine! Amma akanaona akanakomoka. Ndinakachipukuta ndi bwemba mobisa kuseri kwa nyumba, ndikupepesa chamumtima.

Noelene, gogo wachizungu wa nyumba yoyandikana nafe, anandisuzumira pampanda. "Ukufuna Buda, Mal? Ndili naye wamkulu!" Ndisanayankhe n'komwe, uyo akubwera akukankha wilibala. M'menemo muli chiboliboli cha simenti cha m'dimba mwake: mdala wadazi, chimimba panja, akuseka chikhakhali, pamchombo pali kagetsi koyendera dzuwa. Ndinayesa kumufotokozera kuti ameneyo si wathu, ndi mkulu wina wa ku China. Iye: "Si yemweyo atanenepa?" Amma anatulukira pakhonde ndi ndodo yawo. Anayang'ana chibolibolicho, anayang'ana a Wije. "Mkamwini, akuumbani bwino." Koyamba kuwaona akumwetulira sabata ino. A W. sanaseke. Kubweza mphatso n'kovuta, ndiye mdalayo wakhala m'galaja mwathu.

Kenako malo. Poyamba ndinaika chifanizo chathu pa shelefu ya mabuku pabalaza. Amma: "Mutu wa mkamwini wapitirira Ambuye." Koma abale, a W. ndi amtali ngati mlongoti, ndichite kuwadula? Ndinakweza pamwamba pa kabati ya mbale. Amma analoza kudenga ndi ndodo. "Pamwambapo pali chiyani?" Pamwambapo ndi chimbudzi cha kuchipinda kwathu. Tinakoka kabati yonse, mbale zikulira m'kati, mpaka kukhoma la kuwindo. Thukuta kamukamu, kunja kukuzizira chonchi.

A W. anadziponya pa sofa kuti apume, miyendo tambalale, mapazi kuloza Ambuye ndendende. Ndodo inawapeza pachidendene. Sofa yatembenuzidwa. Panopa kiriketi akuonera chammbali, khosi lopindika ngati nkhuku yoona mphamba, ndipo akudandaula kuti chipembedzo chakhala chikuzunza anthu kuyambira kalekale.

Kabati yatalika moti inenso ndimafikapo nditakwera pampando. Zilibe kanthu, bola zatheka.

Adya: tiyi, bisiketi theka. Mawa ndiye mawa.

Lachitatu, 12 Julayi

Asa!

Maluwa. Nyengo yozizira ino m'dimba mwathu mulibe duwa ndi limodzi lomwe, koma chitsamba cha Noelene chadzaza apinki mpaka nthambi kulendewera mbali yathu. Ndinadziuza kuti nthambi ikawoloka mpanda yasintha mwini. Ndinathyola angapo, ndinawawaza madzi, ndinawayala pathileyi bwinobwino. Ndikupita kukaona mpunga, a W. adutsa, atola limodzi, anunkhiza. "Lilibe fungo." Atola lina. Lina. Onse, kufunafuna lonunkhira! Mwana wa zaka zisanu kwathu amadziwa kuti duwa lonunkhizidwa saperekanso kwa Ambuye. Munthu ameneyu anakulira kuti? Ati anakulira ku Kandy, mzinda wa akachisi. Kandy wake uti?

Ndinabwereranso kumpanda. Ulendo uno nthambi ina ndinachita kuikoka kuti iwoloke.

Mawu a pemphero ndinaiwala, sindibisa. Ndinatsegula foni, amonke ena akutchula malamulo asanu a ife anthu wamba, ife tikubwereza pambuyo. Loyamba, kusapha chamoyo chilichonse. Chabwino. Lachiwiri, kusatenga chimene sunapatsidwe. Amma anasiya kubwereza. Maso pathileyi, maso pa ine.

"Awa wakupatsa ndani?"

Ha! Mutu umene dzulo unaiwala dzina la mdzukulu wawo, koma maluwa a Noelene ukuwadziwa limodzi ndi limodzi. Ndinati analendewera okha. "Nawonso anathyoka okha?" Ndinatsala pang'ono kuphwanya lachinayi, la bodza lija, tisanalifike n'komwe.

Ndinati basi, lero tipereka mpunga wokha ndi mphodza, maluwa mawa. Ndapakula m'timbale tating'ono, ndanyamula, ndikufika pabalaza. Amma sakuyang'ana timbale, akuyang'ana ndevu za a W. Pandevu pali chikasu. Kageti kaja iwo amangokalumpha ndi miyendo yawo yaitaliyo. Ati ankaona ngati mchere wakwana. Chikwatirane, munthu ameneyu sanafunsepo za mchere, amangomeza.

"Ambuye alandire makombo a mkamwini?" Amma anatero, n'kunyamuka ulendo kuchipinda.

Pamene ndimaphika zina, dzuwa linali litapendeka kale, nthawi yopereka yatha. Zonse ndakhuthulira zinkhwe zoyera zija zimasokosa padenga. Zadya, zakhuta, zang'amba ndi mphira wa pawindo.

Tiyi yekha lero. Bisiketi anaibisa pansi pa pilo.

Lachinayi, 13 Julayi

Ndinalawirira kwa Noelene kukaulula za umbava. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndimakuona pawindo, Mal, uli ndi chimkanjo chako chogonera chija. Na sizasi iyi. Uzidula, usamang'ambe nthambi ngati mbuzi." Maluwa tsopano ndi opatsidwa.

A W. ndinawathamangitsira kugalaja ndi kapu ya tiyi, akakhale ndi mnzawo wa simenti mpaka ndiwaitane. Mpunga wosalawa. Mphodza zosalawa. Madzi oyera m'kakapu katsopano. Kanyali kadothi ka mafuta a kokonati ndayatsa. Timitengo ta lubani ndayatsa, ndipo pofuna kuti Amma amve fungo la kwathu, ndinayatsa tambirimbiri.

Alamu ya utsi! Piii piii piii, makutu kuti ng'wee. A W. atulukira akuthamanga, akwera pampando, akupiza thaulo kudenga. Amma akukuwa kuposa alamuyo: "Tsikani! Mwapitirira Ambuye!" Mwamuna wamkulu uja ananjuta pampando pomwepo, mutu pansi, mkono wokha m'mwamba, thaulo likuzungulira. Ndikanakhala kuti sindinali ndi nkhawa ndikanagwa nako kuseka.

Alamu itangoti zii, kuseri kwa chifanizo kwatuluka chikangaude chachikulu ngati chikhatho changa, utsi wachisowetsa mtendere. A W. avula silipasi. Ine: "Lamulo loyamba! Tangolitchula kumene!" Iwo ati iwo sanatchule nawo, anali kugalaja. Tinachivundikira ndi kontena ya ayisikilimu, tinalowetsa katoni pansi, a W. anachinyamula mkono uli kutali ndi thupi n'kukachiponya kuseri kwa mpanda. Noelene watipatsa maluwa, ife tam'patsa kangaude. Chinansi ndi chimenechi.

Koma pamapeto pake zinatheka, zonse m'malo mwake. Ndinabweretsa thileyi kwa Amma kuti aigwire monga timachitira kwathu, aliyense wa m'nyumba amagwirako isanakwere. Anaikhudza ndi nsonga ya chala. Ndinakwera pampando, ndinapereka, ndinatsika, ndinagwada.

"Sadhu," anatero, mawu athu ovomereza chopereka. "Wachita bwino, mwanawe. Madalitso onse ndi ako."

Mtima wanga kuti myaa. Amma sayamikira munthu wamba. Ndinathamanga kukayala patebulo, ndinawaikira m'mbale yawo yabuluu, ndinakhala pambali ndikumwetulira ngati chitsiru.

Chala chimodzi. Mbale uko.

Madzulo ndinayesa kukhala chete pamkeka, kutsatira mpweya polowa ndi potuluka monga amanenera amonke a pafoni. Polowa: sikelo. Potuluka: paipi. Polowa: kodi ndazimitsa kanyali? Mwendo unachita dzanzi, podzuka ndinagwera kabati. Mbale imodzi yapita.

Lachinayi lomwelo

Achimwene a Sarath aimba kuchokera ku Matara. "Kuno ankadya bwinobwino, mukuwatani kumeneko?" Ndawafunsa kuti m'mawa Amma ankachita chiyani kwenikweni, mwina pali chimene ndikuphonya. Ati sadziwa, iwo ankadzuka n'kupeza zonse zatha. Amuna!

Lachisanu, 14 Julayi

Pakamwa panga lero patuluka zinthu zoti amonke atamva angandilande malamulo onse asanu.

Kuntchito anaimba m'mawa: ophika awiri agwa ndi chimfine, chonde Mal bwera. Tchuthi changa chathera pomwepo. Ndinawasiyira a W. zonse zokonzakonza. Mpunga wotsuka kale mumphika wamagetsi, angodina batani. Mphodza mufiriji. Osalawa, osanunkhiza, osatambalala. Kiyi wa geti ndinawapatsa ngati ndikuwasiyira khanda.

Pobwera, fungo ndinalimva ndikadali pamsewu. Geti chitsegukire. Mpunga mbwee pansi. Poto wanga wabwino uja wachitsulo, pansi pake bii. M'sinki muli kansalu kopukutira mbale kopsa ngodya imodzi.

Nkhani ya a W. ndi iyi. Anatsegula geti kuti apange tiyi, "ndiye mpira unafika pokoma." Mpira wake uti? Wa zaka makumi awiri zapitazo, umene akudziwa kale wopambana! Amma analowa mwakachetechete. Mphika wamagetsi anaukankhira kumbali, anatenga poto, anatsukanso mpunga umene ine ndinatsuka, madzi anayeza ndi chala, gasi anayatsa okha. A W. anadzidzimuka ndi alamu. Kukhitchini utsi tolo, munthu mulibe. Atacheuka, Amma ali pabalaza kumbuyo kwa sofa, atakwera pampando. Pampando! Ndodo ili pansi, kambale ka mpunga kali m'manja, akudzikoka kuti afikire pamwamba pa kabati. Nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, yolemera ngati mtolo wa zovala.

A W. ndinawalalatira. Ndinanena za geti, za kiriketi, za mimba yawo, za mlongo wawo wa ku Sydney amene nkhaniyi sikumukhudza n'komwe. Ndinalalata mpaka mpweya unandithera. Kenako iwo:

"Adya, Malkanthi."

"Musandinamize inu."

"Adya. Mpunga wopserera womwewo ndi mphodza zozizira. Pang'ono, koma adya. Nanga kudya anasiya liti? Si sabata imene ndinakhoma geti ija?"

Ndinati akanathyoka chiuno bwenzi mukundiwerengera masabata? Nyumba ikanapsa bwenzi tikugona m'galimoto ndi nzeru zanuzo? Ndatseka loko. Kiyi ali m'kamisolo, amene akumufuna abwere adzamutenge.

Amma agona masana onse ngati mwana. Ndinalowa kukawafunditsa. Zala za dzanja lamanja zili chikasu, pachibwano pali kanjere ka mpunga. A W. sindinawauze kuti ndaona.

Loweruka, 15 Julayi

Lero ndinati ndichite zonse mosaphonyetsa, aone kuti za dzulo zinangochitika mwangozi. Maluwa odula ndi sizasi. Lubani kamtengo kamodzi, windo lotsegula. A W. kugalaja.

Ndikuphika, ndinamva kuti kumbuyo kwanga kuli munthu. Amma aima pageti, agwira ndi manja awiri. Kageti kofika m'chiuno, kogulira ana okwawa. Ndinapitiriza kutakasa mphodza ngati sindikuwaona, koma msana unkandiyabwa.

"Amma, kakhaleni pansi. Ndikubweretserani thileyi mugwire."

"Ndigwire. Ndi mphaka yemwe akhoza kugwira."

"Nanga mukufuna chiyani? Zonse ndachita! Chifanizo chakwera, maluwa ndi opatsidwa, mkamwini wanu ndamutsekera kunja ngati galu. Chatsala n'chiyani?"

Anayankha motsitsa mawu:

"Mwanawe, ine ulendo wayandikira. Kumeneko munthu amanyamula zimene anapereka ndi manja ake. Wophika ndiwe, wopakula ndiwe, wokwera pampando ndiwe. Kamba yense ndi wako. Ine ndipite chimanjamanja, mimba yokha yokhuta?"

Ndisanayankhe, anandifunsa ngati basi ya ku Matara yadutsa kale, chifukwa ana atsala pang'ono kuweruka kusukulu.

Ndinapereka ndekha. Amma patebulo sanabwere n'komwe. Ndi tiyi yemwe lero wazizirira pambali pa bedi.

Ndinapita kugalaja, ndinawathamangitsa a W., ndinakhala pachitini cha penti n'kulira. Mdala wa simenti uja akungondiseka, kagetsi kake ka pamchombo kakuphethira. Patapita nthawi a W. anabwera ndi tiyi. Shuga anaiwala, koma anabwera. Anakhala pachitini china, chitini chinadandaula.

Ndinati, "Nanga akapsa?"

"Akapanda kupsa, Lolemba ali ndi paipi m'mphuno. Sankha wekha, ndi mayi ako."

Wamisala anaona nkhondo. Zimandiwawa kuti wamisala wake ndi ameneyu.

Ndikuchita mantha. Ndikatsegula geti ndikuopa moto, ndikatseka ndikuopa sikelo. Kuntchito ndimawaona ana a anthu akubwera Lamulungu ndi maluwa a m'sitolo, n'kumati mumtima, mayi anu munawataya. Lero ndadziwa kuti enawo anayamba ndi kageti ngati kangaka.

Loweruka lomwelo, madzulo

Ndagula chozimira moto. Chachikulu.

Lamulungu, 16 Julayi

Kiyi ndinamutulutsa ndekha.

Tinakonzekera ngati kukubwera nkhondo. Nsalu zonse za m'khitchini ndinachotsa, ndi makatani omwe. Mpango wa Amma ndinaumanga ndi mapini kumsana, manja a juzi ndinawapinda mpaka m'zigongono. A W. anaima pakona ndi chozimira moto pachifuwa ngati msilikali wa pachipata. Ndowa ya madzi pansi pa tebulo.

Amma analowa osathokoza munthu. Anayendetsa chala pashelefu, anachiyang'ana. "Khitchini yauve."

Anatsuka mpunga pang'onopang'ono, njere zina zikuthawira m'sinki. Ndinatambasula dzanja kuti ndigwire poto, chipande chinandipeza pazala. "Manja kumbuyo." Madzi anayeza ndi chala chapakati. Gasi ankakana kuyaka, fungo layamba kumveka, ine mlomo ndaluma mpaka kumva magazi. Kenako moto kuti bvuu, wabuluu, wabwinobwino.

Pakati pa ntchito anaima. Akuyang'ana poto ngati wa eniake, chipande chili lende m'manja. Ndinaona kuti zawachoka, sakudziwa kuti ali kuti. Ndinatsegula pakamwa, a W. anandiponda phazi ndi kulemera kwawo konse. Tinadikira. Chivundikiro chinayamba kugwedera, nthunzi inawafika kumaso. Ananunkhiza mpweya, n'kuchepetsa moto okha, ngati palibe chachitika.

Chipande choyamba anapakula okha. Theka linagwera pansi. Palibe anawerama.

Pabalaza maso awo anapita pampando. Ndinaima kutsogolo kwake. "Pampando pokha ayi, Amma. Ngakhale mundimenye."

Anayang'ana pamwamba pa kabati, anayang'ana kambale m'manja mwawo, anayang'ana a W. kuyambira kumapazi mpaka kudazi.

"Atsitseni Ambuye. Wamtali agwade."

Ndiye chifanizo chabwerera pa shelefu ya mabuku, pamene Amma akufikira ataimirira. A Wije, munthu amene pa ukwati wathu womwe anangoweramitsa khosi, anagwada pa kapeti, maondo kuti khakha, chozimira moto chili m'khwapa. Ati agwadira msana, osati chipembedzo. Kutuluka pabalaza anachita chokwawa.

Foni sinafunike. Amma anaika kambale, anaika maluwa limodzi limodzi, n'kuyamba. Mawu onse anatuluka athunthu, osaphonya ndi limodzi lomwe, ndi liwu lija linkandidzutsa ndili mwana. Ine ndinkangotola kumapeto kwa mizere. Kumbuyo kwanga ndinamva wina akung'ung'udza nawo, koma sindinacheuke, angasiye.

Patebulo anakana kuti ndiwapakulire. Anapakula okha, anathira mphodza, anayamba kusakaniza ndi zala. Mpunga unali wolowa madzi, mbali ina wosapsa. Anaumba kampira. Ine mpweya ndagwira. Dzanja linanyamuka, linafika pafupi ndi pakamwa pawo, n'kupitirira, kubwera kwa ine.

"Yasamula. Taona mmene waondera. Kodi m'nyumba muno sakupatsa chakudya?"

Ine, mayi wa imvi zanga, wophikira nyumba yathunthu ya okalamba. Ndinayasamula. Zala zawo zinali zofunda, zikununkhira mafuta a kokonati. Ndinatafuna misozi ikutsika.

Kampira kachiwiri anaika m'kamwa mwawo. Kachitatunso. Ine ndi a W. maso pambale zathu, kuopa kuti tikayang'anitsitsa asiya.

"Mkamwini," anatero osadzutsa mutu, "tasendezani mphodzazo kuno."